Muwerenge ndi Maso Okha

Mualadzi, Chifunde
Lamulungu, 23 Novembulo

Okondedwa alamu anga, Ana Maria,

Landirani moni wochokera kuno kumudzi kwanu. Kodi muli bwanji ku Tete, inu ndi abambo a kunyumba, ndi mwana wathu Nélio? Mwendo uja munkadandaula nawo pamaliro unaphwa? Ndikudziwa kuti anamwino simumvera malangizo amene mumapatsa ena, komabe muziukweza pampando mukaweruka kuchipatala.

Kuno tilipo. Sindinena kuti tili bwino, chifukwa inu simunamizika. Tilipo basi. Mvula yoyamba inagwa sabata yatha, yokwanira kugoneka fumbi ndi kutulutsa inswa, ndipo anthu ayamba kubzala. Munda wa mng'ono wanu ndabzala theka lokha. Mizere yanga ndi yokhota, moti amayi anu aakulu, a Eneles, anaima m'mphepete mwa munda manja ali m'chiuno n'kunena kuti aphunzitsife timangotha kuwongola mizere ya m'buku.

Mwana wanga Nádia ali bwino m'thupi. Akudya, akusewera ndi anzake, ndipo tsitsi layamba kumera.

Kalatayi ndapatsira Gerson, woyendetsa shapa, kaminibasi kaja kopita ku Tete, amene mumamudziwa. Mwina mudabwa kuti ndikulemberanji pamene telefoni ilipo. Tsiku lija munaimba, ndinakhala chete mpaka munayesa kuti mawu aduka. Sanaduke, alamu. Ndinali pompo, pachulu paja pamagwira telefoni, ndipo ndinkakumvani bwinobwino. Chifukwa chake ndikuuzani m'kalata muno.

Munati mwanayu anakuchititsani manyazi pamaso pa adilekitora, mkulu wa kolejiyo, sukulu ya ana ija ya ku Tete, inu mutavutika kuti dzina lake lilowe pakati pa ana oyesedwa. Munati ine mphunzitsi ndamulekerera, chifukwa mwana wodziwa Chipwitikizi sangakhale duu ngati chitsa pa funso lophweka chotero. Mawu amenewo sindikukusungirani. Nanunso mwataya mng'ono wanu, ndipo chisoni chimatulukira pamene chapeza mpata.

Munatinso mwakapemphanso, ndipo poti malo angapo atsala, ayesanso ana ochepa pakati pa Dezembulo, Nádia ali momwemo. Mafunso akhala omwe aja kwa mwana aliyense. Choncho mukufuna ndimutumize tsopano kuti mumubwerezetse yankho lija tsiku ndi tsiku mpaka lileke kupweteka, monga mmene mwana amazolowerera jakisoni. Ndisanayankhe, ndiloleni ndikufotokozereni zimene zinachitika, poti inu tsikulo munali pantchito ndipo munangomva za m'kamwa mwa adilekitora.

Mukudziwa kuti nkhani ya kolejiyo sindinaiyambe ndine. Ine ndimaphunzitsa pasukulu ya boma pompano, ndipo ndinkaganiza kuti Nádia azidzangoyenda nane m'mawa, ine patsogolo iye pambuyo. Amake anakana. Ankati sukulu yanga ndi yabwino ndithu, koma ana ake achuluka ngati nyerere pa fupa, amakhala pansi poti mipando kulibe, moti mphunzitsi amadziwa mayina a osokosa okha. Ankati inu munapitiriza maphunziro, iwo anatsalira kumunda, ndipo sakudandaula, koma pabanja limodzi wotsalira mmodzi wakwana. Tsiku limene munavomera kuti mudzamusunga mwanayu kwanu akapeza malo, anavina pabwalo pano dengu la chimanga lili pamutu.

Kuyambira pamenepo nyumba ino inasanduka sukulu. Kuwerengera kunali kwa njere za chimanga, palichero, amake akutonola. Mitundu ya m'Chipwitikizi ankaiphunzira pa makapulana, zitenje za amake: verde, yobiriwira, inali kapulana ya ku Misa, amarelo, yachikasu, ya kumsika, azul, yabuluu ija munawagulira inu, inali ya paukwati pokha. Tsiku lina ndinamulozera tsamba la papaya n'kumufunsa mtundu wake, iye anayankha kuti ndi la ku Misa.

Kenaka mafunso aja Nélio anatiuza kuti amafunsa kukolejiko. Amake ankakhala pamtondo ngati adilekitora, atavala magalasi anga, akulankhulira m'mphuno. Dzina lako ndani? Uli ndi zaka zingati? Abambo ako ndani? Amayi ako ndani? Pa funso lomalizali Nádia ankayamba kuseka asanayankhe, poti mwana wa kuno satchula dzina la amake. Ankalifuula mwadala kuti odutsa panjira amve, amake n'kumuthamangitsa ndi chitsononkho m'manja, akukuwa kuti zimenezo n'za ku Tete kokha, akadzayerekeza kuno adzamudula makutu n'kukazingira agalu. Funso limenelo ankalikonda kuposa onse.

Chikalata cha kolejiyo tinalemba mu Agosito, tili awiri, mayina a makolo onse ali pamenepo. Mu Setembulo mutu uja unayamba kuwapweteka amake. Zotsatira zake mukuzidziwa, munalipo. Palibe mwa ife amene anakumbukira kuuza a kolejiyo kuti mzere umodzi wa pachikalatapo wasintha.

Tsiku loyesa litayandikira ndinaganiza zongoleka. Koma chikwama cha sukulu chija amake anagula ku Cassacatiza chinali chikadali pamsomali, mapepala a m'sitolo ali m'kati, ndipo ndikachiyang'ana chinkakhala ngati chikundifunsa. Tinakwera mota, njinga yamoto, mpaka kumsewu waukulu, kenaka shapa ya Gerson. Nádia anali asanaonepo Zambezi. Tili pamlatho anandigwira mkono n'kufunsa kuti madzi onsewa mwini wake ndani.

Pakhomo pa kolejiyo magalimoto anali ngati pamsonkhano wa boma. Ana analipo pafupifupi mazana awiri, malo makumi atatu okha. Tiana ta zaka zisanu ndi zisanu n'chimodzi, alamu, tina tikuyamwa chala! Makolo tinakhala pamipando yaitali pansi pa denga la malata, thukuta lili noninoni, aliyense akunong'oneza wake ngati anankungwi pa mkwatibwi. Bambo wina wa jekete pambali panga ankafunsa mwana wake dzina la likulu la dziko, mwanayo n'kumayankha kuti akufuna kukodza.

Mayi wina anayang'ana mutu wometa wa Nádia, n'kukokera mwana wake kumbali, kenaka anandifunsa mwaulemu ngati ndi chipere. Ndinati ayi mayi, ndi maliro. Anachita manyazi kwambiri. Anatsegula chikwama chake n'kumupatsa Nádia bolasha ziwiri, mabisiketi a m'sitolo, ndipo mpaka kuitanidwa kwathu anali kumukupiza mphepo ndi pepala. Sindimuda. Pamalo ngati amenewo aliyense amaona mwana wa mnzake ngati mpando umene wachepa.

Makolo sitinkaloledwa kulowa. Anadzamutenga ndi mphunzitsi wachitsikana, dzina lake Marlene, ndipo ndi iyeyo anandifotokozera pambuyo pake. Akuti Nádia analandira lapizi yolembera ndi manja awiri atapinda mawondo, mpaka adilekitora anamwetulira. Kuwerengera anapitirira pamene anamuuza kuti aime. Mitundu anaitchula yonse, kungoti asananene azul anayang'ana pansi kanthawi. Dzina lake ananena, zaka zake ananena, dzina langa ananena. Atamufunsa dzina la amake, anatseka pakamwa.

Adilekitora anabwereza funsolo. Marlene, amene kwawo ndi ku Angónia, analibwereza m'Chinyanja, mofatsa. Mwanayo anaika manja onse awiri pakamwa, lina pamwamba pa linzake. Sanalire. Anamupatsa madzi, anakana, chifukwa kumwa kukanafuna kuchotsa manjawo. Mafunso otsalawo sanayankhe ngakhale limodzi. Anatuluka m'chipindamo manja akadali pomwepo.

Marlene anati ana akachuluka chotero, mwana amene watseka pakamwa amalembedwa kuti sanakhwime. Ndinamuuza kuti amake tinawaika m'manda mwezi wathawo. Anagwira pachifuwa, n'kunena kuti mawuwo akawafikitsa kwa adilekitora, koma mapepala a tsikulo apita kale. Ine ndinaganiza monga munaganizira inu, kuti dzinalo lamugunda pachilonda ndipo mantha amugwira. Tonse tinaphonya.

Pobwerera anagona pamiyendo panga mpaka tinadutsa dera lija la malambe ambiri. Atadzuka ndinamugulira nthochi, ndipo sindinamufunse kanthu. Anayamba ndi iye. Anandifunsa ngati afika. Ndinati ndani? Analoza ndi mlomo pachifuwa pake, osatchula. Ndinati afika kuti? Anandiyang'ana ngati mwana ndine, n'kunena kuti kumene akupitako.

Pang'onopang'ono, pakati pa phokoso la shapa, ndinamva zimene sindinkadziwa. Tsiku lija tinkameta, ine ndili pansi pa mtengo ndi amuna anzanga, Nádia anazemba n'kuthamangira kunjira ya kumanda akuitana amake. Anamugwira ndi a Eneles. Anamuuza kuti aleke kuitana, chifukwa amake ali paulendo wautali, katundu ali pamutu. Munthu wotero ukamuitana amacheuka, akacheuka njira imamusokonekera, safika uko ndiponso sabwerera kuno. Anamuuza kuti adikire mpaka tidzafulule mowa n'kumeta kachiwiri. Pamenepo adzakhala atafika, ndipo adzawatchula mmene angafunire.

Ine ndinaona ndithu kuti chichokereni maliro mwanayu sanenanso kuti "amama". Ndinkayesa kuti wayamba kuiwala, ndipo zimenezo zinkandipweteka mwa mtundu wake. Sikunali kuiwala, alamu.

Anandiuza kuti m'chipinda muja dzinalo linabwera lokha mpaka pamano, poti linali funso lija lokoma. Anati ankafunitsitsa kulinena mokweza, kuti mwina amake acheukedi, amuone ali m'sukulu ya mipando. N'chifukwa chake anagwira pakamwa ndi manja awiri. Limodzi, akuti, silikanakwana.

Kenaka anandifunsa ngati walakwa.

Mayi wina amene anakhala pambali pathu, nkhuku ili pamiyendo, anali atamva zonse. Ndi iyeyo anandiyankhira. Anamuuza kuti sanalakwe, ndipo iye wabereka ana asanu ndi awiri koma palibe mmodzi amene angasunge mawu kuchokera pakhomo kufika pachitsime.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Eneles. Ndinawapeza akusankha mbewu ya nyemba, ndipo ndinakhala chapatali monga mkamwini. Atamva nkhaniyo analeka kusankha. Anati iwo ankangofuna kuti mwana aleke kuthamangira kumanda, sankadziwa kuti mawu a nkhalamba angakwere shapa mpaka ku Tete. Koma anati sananame, chifukwa iwonso anauzidwa chimodzimodzi amayi awo atamwalira, ndipo anasunga. Kenaka mkwiyo unawakwera. Anafunsa kuti ndi sukulu yanji yofunsa mwana wamasiye dzina la amake, kodi akufuna kuwalemba ntchito?

Ndinawapempha kuti amasule mawuwo, amuuze mwanayo kuti kutchula kamodzi sikulakwa. Anati mawu a maliro samasulidwa ndi pakamwa, amamasulidwa ndi mowa, ndipo mowawo ukudikira chimanga chatsopano, chomwe chija ine ndikubzala mokhotakhota. Ndiye kuti mpaka titakolola. Mayeso ndi a Dezembulo.

Ndikudziwa chimene mukunena panopa, pepala lili m'manja. Mukuti ife ndife a Katolika, ndimuuze mwanayo zoona basi. Ndinayesa, alamu. Ndinamukhazika pakhonde n'kumuuza kuti amake ali kale kwa Mulungu, monga ananenera a Padiri pa Misa ija. Anandifunsa ngati a Padiriwo anawaperekeza. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati ine ndinawaona atafika. M'nyumba muno muli mabuku odzaza mabokosi, ena ndinawerenga kawiri katatu, ena chiswe chinandithandiza kumaliza, koma palibe ngakhale limodzi limene linandiuza kutalika kwa njira imeneyo. Ndinangomusisita m'mutu.

Ndipo pakhonde pomwepo ndinazindikira chinthu. Pamaliro paja aliyense wa ife anapatsidwa chochita. Ena anakumba, ena anaphika, inu munagula nsalu ndi kusambitsa m'bale wanu, ine ndinalandira anthu. Manja akakhala ndi ntchito, mtima umapumako. Mwanayu anapatsidwa ntchito imodzi yokha, yakuti asaitane, ndipo akuigwira ndi mphamvu zake zonse. Ndicho chinthu chomaliza chimene akuwachitira amake. Ndikamulanda chimenecho, ndimupatsa chiyani m'malo mwake?

Choncho mutaimba muja ndinalibe yankho. Ndinaona njira ziwiri zokha: kumuthyola mwanayu kuti apeze malo, kapena kutaya malo amene amake anawavinira. Njira yachitatu anaipeza ndi mwini wake.

Lachinayi lapitali nditaweruka ndinamusowa pabwalo. Ndinamupeza m'chipinda chosungira chimanga. Mukukumbukira kuti amake ankalemba dzina lawo pamatumba ndi utoto wofiira, zilembo zikuluzikulu, chichitikireni tsiku lija thumba lawo linasinthanitsidwa kuchigayo n'kubwera ndi chimanga chofumbwa cha munthu wina. Anakalipa sabata yathunthu. Matumba a chaka chatha akadalipo angapo. Nádia anali atagwada patsogolo pa limodzi, akutsata zilembozo ndi chala. Pansi, pafumbi la gaga, anali atazikopera kale, mizere itatu kapena inayi.

Atandiona anafafaniza msanga ndi chikhatho. Kenaka anandinong'oneza funso: kodi kulemba kumamveka? Sindinamvetse. Anabwereza kuti munthu akalemba dzina, mwini wake amamva? Ndinaganiza kaye, chifukwa sindinafune kumunamiza. Ndinamuuza kuti ayi, zilembo zilibe mawu, zimangokhala phee mpaka wina atazitsegulira pakamwa.

Sanandikhulupirire ndekha. Anati ine sindinali pamenepo pamene lamulo linkaperekedwa. Anandikoka dzanja mpaka kwa a Eneles, mphunzitsi wa zaka zambiri kukokedwa ngati mbuzi yopita kumsika. A Eneles anamva mlanduwo, anatafuna mkamwa mopanda kanthu nthawi yaitali, n'kugamula kuti makolo sanasiye lamulo pa zimenezo poti iwo sankalemba. Anawonjezera kuti munthu wa katundu pamutu sayang'ana pansi. Anati, "Lemba, iwe mwana wa aphunzitsi, bola usalembe pakhoma panga."

Pakhoma pawo ndi pokhapo pamene patsala. Pabwalo palembedwa, pachitseko cha khola palembedwa, kuseri kwa mbale kwalembedwa ndi khala. Dzulo mvula inafafaniza za pabwalo, iye anadikira kuti ikate n'kukayambiranso pamatope ndi kamtengo. Ndinamumva akuimba polemba. Sanaimbepo chichokereni Setembulo.

Tsopano nali pempho langa, alamu, ndipo ndikupempha nditagwada.

Nádia abwera kudzayesedwa, koma osati tsopano. Ndidzabwera naye ndekha kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Musiyeni amalize nane kubzala. Iye ndiye amaponya mbewu m'maenje, ndipo amawerenga njerezo m'Chipwitikizi mokweza, ndiye musaope kuti akuiwala.

M'munsi mwa kalatayi ndasiya malo. Mukadule pamenepo, mupite nako kapepalako kwa adilekitora. Mukayambire kwa Marlene, adzakuthandizani kufotokoza, poti kwawonso amameta. Mukawauze zonse monga ndakuuzirani, osachita manyazi ndi mudzi wanu. Sitikupempha kuti amukondere, kapena kuti amuchotsere funso limene ana ena onse akufunsidwa. Amufunse ndithu. Koma akafika pamenepo, amupatse lapizi. Ndipo akalemba, awerenge ndi maso okha.

Mwina akana. Ana ndi ambiri, ndipo iwo ali ndi malamulo awo monga a Eneles ali ndi awo. Akakana, mwanayu adzaikanso manja pakamwa, malo adzapita kwa wina, ndipo ine sindidzamukalipira. Ndikukupemphani kuti nanunso musadzatero. Mudzangomunyamula, ngakhale mwendo ukupweteka.

Ndipo kwanuko, kaya masiku awiriwo kaya zaka zikubwerazi, musamufunse funsolo, musamuyeserere. Nélio mumuuze bwinobwino, chifukwa anyamata akadziwa pamene pali chilonda amafuna kuona ngati pakupwetekadi. Inuyo mukafuna kutchula mng'ono wanu, tchulani muli kuchipinda kwanu. Ndi miyezi yochepa chabe, kufikira chimanga chitauma.

Pali chinanso chimene ndiyenera kukuuzani, poti mwina munachimva kale m'kukhala chete kwanga. M'shapa muja, pansi pa chisoni chonse, munali kachimwemwe. Ndinkati walephera, ndiye kuti akubwerera nane. Mukudziwa kuti pa kumeta kwachiwiri abale anu adzandisudzula monga mwa mwambo. Mwana ndi wa mbumba yanu, ine ndine wobwera, ndipo ndidzamanga mabokosi anga. Choncho ndinkawerengera mumtima kuti akalephera ndapata miyezi ina yomumva akupuma kuchipinda, yomuona akuyenda ngati amake, phazi lamanzere kuponyera kunja. Mutanena kuti mpata wachiwiri wapezeka, chimene chinandiletsa kuyankha sichinali kukalipa kwanu ayi. Chinali chimenechi.

Ndalimbana nacho masabata onsewa, pobzala, pophunzitsa, poyang'ana chikwama chija pamsomali. Wandigonjetsa ndi mwana yemweyu. Iye akufuna amake kuposa mmene ine ndingafunire chilichonse, dzina lili pamano, koma akugwira pakamwa kuti munthu amene ali paulendo asacheuke. Ali ndi zaka zisanu n'chimodzi. Nanga ine, wa imvi zoyamba? Akapeza malowo, mutengeni, alamu. Apite akakhale pampando. Ine sindidzamuitana kuti acheuke.

Mungodziwa kuti amagona atafunda kapulana ija ya azul. Musafulumire kuichapa. Therere sadya, ngakhale adzakuuzani kuti amadya pofuna kukulemekezani. Akakhala chete nthawi yaitali musamufunse kuti wadwala, mungomupatsa nyemba asankhe, amayamba kulankhula manja akatanganidwa.

Gerson ndamupatsa kathumba ka mtedza ndi inswa zouma za Nélio. Mumufunse, chifukwa inswa ndi Gerson paulendo wautali sindikudziwa ngati zifika zonse. A Eneles akuti ndikuuzeni kuti mwawaiwala, ndipo mafuta aja opaka m'mawondo anatha kalekale.

Mundiperekere moni kwa abambo a kunyumba, kwa Nélio, ndi kwa anzanu a kuchipatala aja anabwera nanu kudzatipepesa. Mukamuona Marlene mumuthokoze m'malo mwanga. Mulungu akusungeni, akupatseni mawu abwino pamaso pa adilekitora, ndipo atonthoze mtima wanu monga akuyesera kutonthoza wanga.

Nádia wakhala pambali panga chiyambire tsamba lomalizali, lapizi wasongola kale. Mwina mwaona kuti m'kalata yonseyi dzina lija sindinalilembe. Ndamusiyira iye. Zilembo zake zimakwera phiri, koma zonse zilipo. Wandifunsa kawiri ngati simudzawerenga mokweza, ndipo ndamulonjeza m'dzina lanu.

Ndine mlamu wanu,
Vicente, bambo a Nádia

JACINTA